Tikiti itsike mtengo, ulemu usatsike

Munthu akaima pa Mtandire masana n'kukweza maso, nthawi zina amaona ndege ikulowera kumpoto, ku Lumbadzi, kumene kuli bwalo la Kamuzu. Kuchoka pano kukafika pabwalopo ndi mtunda wosapitirira makilomita 30, koma kwa anthu ambiri a dera lino bwalolo lili kutali kuposa Johannesburg. Ku Joni amafikako ndithu. Mukafunsa nyumba ndi nyumba muno, ngakhalenso ku Mtsiriza, Chinsapo, Mgona ndi Kawale, simuchedwa kupeza banja limene mwana kapena mlamu wake akusamala maluwa, akugwira ya m'nyumba kapena akugulitsa m'shopu ku South Africa, ndipo ena mwa malata amene akung'anima pamadengawa adakhomedwa ndi ndalama za kumeneko. Koma amayenda pansi. Amatulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, n'kuwoloka Zambezi ku Tete, kudutsa Nyamapanda ndi Harare, kenako kuima pamzere wautali wa pa Beitbridge. Ndi ulendo wa tsiku ndi theka, mwina masiku awiri, miyendo itatupa, pamene ndege imatenga maola awiri ndi theka. Uthenga wa maliro ukafika ku Joni usiku, mwana amene wakwera basi kawirikawiri amapeza anthu atabwerako kale kumanda.

N'chifukwa chake nkhani ya ndege zotsika mtengo ikutikhudza, ngakhale ikuoneka ngati ya anthu a mataye. Kwa zaka zoposa 30 tsopano, makampani akuluakulu a ndege padziko lapansi akhala akubereka timakampani tawo tating'ono tonyamula anthu pamtengo wotsika, pofuna kulimbana ndi makampani atsopano amene akuwalanda makasitomala. Mchitidwewu udafika kale kwa anzathu ku Kenya ndi ku South Africa, ndipo tsiku lina udzagogoda pa chitseko chathu, kaya kudzera ku Malawi Airlines kaya kudzera ku kampani yakunja. Ine ndikufuna mitengo yotsikayo ifike msanga. Chimene ndikukana ndi maganizo amene amakonda kubwera nayo limodzi, akuti munthu amene walipira zochepa ayenera kulandiranso ulemu wochepa, ndi kuti kampani ikhoza kusunga nkhope yosekerera kwa okwera a ndalama n'kutumiza nkhope yamasinya kwa enawo. Maganizo amenewa ndi oipa pa umunthu, ndiponso mbiri ya makampaniwa ikuonetsa kuti ndi oipa pa malonda.

Tisaiwale kuti Amalawi osauka adakwerapo ndege kale, ndipo adakwera ambirimbiri. M'masiku a Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi, amuna ochokera m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Lilongwe ndi kwina ankanyamulidwa pandege kukatsikira ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda yopita ku migodi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idagwa itangonyamuka ku Francistown kubwera kuno, ndipo anthu 78 adafa, 74 mwa iwo anali Amalawi obwerera kumudzi. Kafukufuku adapeza kuti mafuta a ndegeyo adasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Dr Kamuzu Banda adaletsa pomwepo kulemba anthu a ku migodi, ndipo zidatenga zaka zitatu kuti ntchitoyo iyambirenso pansi pa dzina la TEBA. Azigogo athu aja ankauluka, koma tikiti ankalipira ndi eni migodi, motero wokwerayo analibe mawu pa mpando, pa nthawi, ngakhale pa chitetezo chake. Ankawerengedwa ngati matumba. Ndikamva kuti ndege ya anthu wamba ikubwera, funso langa loyamba limachokera pa ngozi imeneyi: wokwerayo adzatengedwa ngati mwini ulendo kapena ngati katundu?

Kuti tiweruze bwino, tiyenera kudziwa kumene kutsika mtengo kumachokera. Kampani ya Southwest ya ku America, imene idayamba kuuluka mu 1971, ndiyo idaonetsa njira. Umagula ndege za mtundu umodzi kuti amakaniko, zipangizo ndi maphunziro a oyendetsa zikhale zofanana. Umaika mipando yambiri m'ndege. Ndege ikatera, sumaisiya kugona pabwalo, umaitembenuza msanga kuti iziuluka maola ambiri patsiku, popeza ndege yoima imadya ndalama osabweretsa kanthu. Chakudya chaulere umachichotsa, matikiti umagulitsa wekha osadzera kwa amkhalapakati, ndipo wokwera umangomuchotsa apa n'kukamutula apo, popanda zomulumikizira ulendo wina. Pa mndandanda wonsewu palibe pamene palembedwa kuti wogwira ntchito aziyankha mwamwano, kapena kuti ndege ikachedwa anthu asauzidwe chifukwa chake. Southwest yomweyo idatchuka kwa zaka zambiri chifukwa cha nsangala za antchito ake. Mwano sutsitsa mtengo wa tikiti ndi tambala imodzi.

Makampani akuluakulu ataona kuti akulandidwa msika, ambiri adayankha mwa mantha. British Airways idayambitsa Go mu 1998, koma patangotha zaka zitatu idaigulitsa, ndipo mu 2002 idamezedwa ndi easyJet, mdani yemweyo amene idabadwira kuti ilimbane naye. KLM idayambitsa Buzz mu 2000, ndipo mu 2003 idagulidwa ndi Ryanair. Ku America, Delta idabereka Song mu 2003 n'kuitseka mu 2006, pamene United idabereka Ted mu 2004 n'kuibweza m'mimba mwa mayi ake kumayambiriro kwa 2009. Wina akhoza kundiimitsa apa n'kunena kuti Song inkayamikiridwa ndi okwera, inali ndi ma TV pampando uliwonse ndi antchito ansangala, koma idafabe. N'zoona, ndipo mfundoyi sindikuithawa. Ulemu pawokha sulipira mafuta. Song idabadwira m'nyumba ya ngongole, ikuuluka ndi ndege za mayi ake ndi oyendetsa a mayi ake, ndipo Delta italengeza mu 2005 kuti yalephera kubweza ngongole, mwanayo analibe kothawira. Akuluakulu adati make mbuu, mwana mbuu. Kampani yaikulu ikakhala ndi mabwana ochuluka, ngongole zosatha ndi chizolowezi choona wokwera ngati chosokoneza, kupaka ndege zake utoto wina n'kuzipatsa dzina losangalatsa sikusintha kanthu. Ana amene adakula, monga Jetstar ya Qantas kuyambira 2004 ndi Scoot ya Singapore Airlines kuyambira 2012, ndi amene adapatsidwa ufulu woyendetsa zinthu zawo ndi msika wawowawo woti ausamale.

Phunziro lapafupi ndi lowawa lili ku South Africa, kumene abale athu ambiri adalionera ndi maso. Mu 2001 kampani ya Comair, imene inkaulutsa ndege m'dzina la British Airways m'dzikomo, idayambitsa kulula.com. Mu 2006 South African Airways, kampani ya boma, idayankha poyambitsa Mango, ya ndege za mtundu wa lalanje zija. Kwa zaka zingapo anthu wamba adapindula kwambiri, mitengo ya pakati pa Johannesburg, Cape Town ndi Durban idatsika, ndipo anthu amene kale ankagona m'basi adayamba kuuluka. Koma makampani ena ankadandaula kuti Mango ikupikisana nawo ikudalira thandizo la mayi wake wa boma, ndipo 1time, imene inalibe kholo loithandiza, idatseka mu Novembala 2012. Kenako mayi uja adadwala. South African Airways idalowa m'manja mwa akatswiri opulumutsa makampani mu Disembala 2019, ndipo mu Julayi 2021 Mango idasiya kuuluka, anthu amene adagula kale matikiti n'kutsala ndi mapepala m'manja. Comair nayo idaimitsa ndege zake zonse kumayambiriro kwa Juni 2022, patangodutsa kanthawi kochepa kulula italengeza matikiti otsitsidwa mtengo, chinthu chimene chidakwiyitsa anthu ambiri. Amene amavulala kwambiri kampani ikagwa chonchi ndi uja adasunga ndalama miyezi itatu kuti agule tikiti imodzi. Wa bizinesi yaikulu amangogula tikiti ina ku kampani ina tsiku lomwelo.

Ku Kenya nkhani idayenda mosiyana, ndipo ndi imene tiyenera kuiyang'anitsitsa. Kenya Airways idayambitsa Jambojet mu Epulo 2014. Idayamba ndi ndege za Boeing 737 zochokera kwa mayi wake, koma itaona kuti zikuikulira idasinthira ku ndege zocheperako za mapulopela za mtundu wa Q400, mtundu womwewo umene Malawi Airlines yakhala ikugwiritsa ntchito pa maulendo aafupi. Idalunjika pa maulendo a m'dziko momwemo, Nairobi kupita ku Mombasa, Kisumu, Eldoret, Malindi ndi Ukunda, ndipo idalola anthu kulipira tikiti pa foni kudzera pa M-Pesa. Apa mpamene pagona nzeru yake. Jambojet idazindikira kuti mdani wake weniweni ndi basi yausiku, ndi kuti kasitomala wake ndi munthu amene sadakwerepo ndege. Munthu wotereyu akafika pabwalo koyamba sadziwa kumene angayambire, amachita manyazi kufunsa, ndipo akakalipiridwa kamodzi amabwerera ku basi imene amaidziwa n'kukauza mudzi wonse kuti ndege ndi ya eni ake. Kampani imene ikufuna msika umenewu imayenera kumulandira ngati mlendo wofunika, pakuti mipando yake idzadzaza ndi iyeyo ndi abale ake.

Tsono tibwerere kwathu, chifukwa mantha anga enieni ali ndi mizu m'misewu yathu yomweyi. Kusiyanitsa mitengo si chinthu chachilendo kwa Mmalawi. Amene ankayenda m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira kuti Stagecoach, imene idagula kampani ya mabasi ya UTM mu 1989, inali ndi Coachline ya pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, inali ndi Expressline, komanso basi wamba yoima pasiteji iliyonse. Aliyense ankadziwa chimene wagula, ndipo palibe amene ankaona chachilendo kuti wolipira zambiri afike msanga atakhala pampando wofewa. Chimene chatilowa m'magazi lero n'china. Pitani ku depoti ya ku Old Town kapena pasiteji iliyonse ya m'tauni muno m'mawa. Mayi wa dengu la tomato amakokedwa mkono ndi oitanira, amapanikizidwa anayi pampando wa anthu atatu, mtengo umakwera mvula ikangoyamba, chenje chimaiwalika, ndipo minibasi ikapeza anthu obwerera amatsitsidwa panjira n'kugulitsidwa ku minibasi ina. Akadandaula amauzidwa kuti agule yake galimoto. Koma pakabwera bambo wa jekete ndi chikwama cha m'manja, kondakitala yemweyo amasanduka wina, mawu amafewa, chitseko cha kutsogolo chimatsegulidwa. Kondakitalayo ulemu amaudziwa bwino lomwe, kungoti amaupereka poyang'ana thumba. Khalidwe lomwelo timalipeza pa mawindo a maofesi, m'masitolo ndi pamizere ya kuchipatala. Anthu a ku Mtandire amalidziwa kuposa wina aliyense, pakuti ambiri a iwo m'mawa uliwonse amawolokera ku Area 47 kukalonda, kukaphika ndi kukachapa, ndipo amaona tsiku ndi tsiku mmene mawu a munthu mmodzi amasinthira malinga ndi amene akulankhula naye. Ngati ndege yotsika mtengo idzabwera ndi khalidwe limeneli, tidzangokhala titasamutsira depoti ku Lumbadzi.

Otsutsa adzanena kuti chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo sungalipire ndalama ya usipa n'kuyembekeza chambo. Ndikuvomereza theka la mawu amenewa. Wolipira zochepa asayembekeze chakudya chaulere, malo otambasula miyendo, kapena chipinda chodikiramo cha mipando ya wofuwofu. Zimenezo zimadya ndalama ndipo zikhoza kuchotsedwa popanda munthu kunyozeka. Koma pali zina zimene sizidya kanthu. Kuuza anthu zoona kuti ndege ichedwa maola atatu, m'malo mongowasiya akuyang'ana pawindo, n'kwaulere. Kulengeza m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pambali pa Chingerezi, kuti agogo opita kukaona zidzukulu amve kuti alowere khomo liti, n'kwaulere. Kunena kuti pepani n'kwaulerenso. Ndipo amene adayesa kwambiri kupanga malonda mopanda chifundo adabwerera yekha. Ryanair ya ku Ireland idadziwika ku Ulaya konse ndi zilango zolemera pa zolakwa zazing'ono, monga kuiwala kusindikiza chiphaso cholowera m'ndege. Mu 2013, phindu litayamba kugwedezeka, mkulu wake Michael O'Leary adavomera pamaso pa eni masheya kuti kampaniyo iyenera kuleka kukwiyitsa anthu popanda chifukwa. Miyezi yotsatira idachepetsa zilango zija, idalola kachikwama kachiwiri kakang'ono ndipo idayamba kupatsa aliyense nambala ya mpando. Okwera adachuluka ndipo phindu lidakwera. Ngati kampani youma mtima chotero idaona kuti nkhanza zikuiluzitsa, palibe chifukwa choti ife tiyambire pamene iyo idathawa.

Nkhani ya katundu ikufunika kuiima payokha, chifukwa ndi pamene Mmalawi angapusitsidwe mosavuta. Makampani otsika mtengo amalengeza mtengo wa mpando wokha, kenako chikwama chilichonse amachilipiritsa padera. Ku Ulaya zimenezi zimayenda, popeza munthu amapita masiku awiri ndi kachikwama ka kumsana. Mmalawi sayenda choncho. Wopita ku Joni amanyamula ufa, usipa, nsinjiro ndi mpunga wa Kilombero wa abale, ndipo wobwerako amasenza mabulangete, ziwiya, zovala za ana ndi katundu wa geni. Kwa mayi wa geni wa ku Biwi kapena ku Area 25 amene amakwera basi ya ku Dar es Salaam pa Devil Street, katunduyo ndiye ulendo weniweniwo. Mtengo umene walembedwa pachikwangwani ndi zilembo zikuluzikulu, koma n'kudzawirikiza pa kauntala munthu atafika kale ndi zikwama zake, ndi msampha. Kampani yoona mtima iyenera kuonetsa mtengo wonse munthu asanalipire, pamodzi ndi misonkho ndi mtengo wa kilogalamu iliyonse yoonjezera. Iyeneranso kulola kulipira pa Mpamba ndi Airtel Money, ndi kukhala ndi nambala ya foni imene munthu weniweni amayankha, pakuti kunena kuti zonse zili pa intaneti n'kutsekera kunja anthu amene alibe khadi la kubanki ndipo amagula bando ya tsiku limodzi.

Sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere mtsikana wa pa kauntala kapena mnyamata wonyamula zikwama. M'maiko ambiri chimodzi mwa zifukwa zimene makampani akuluakulu amaberekera ana n'chakuti apeze njira yolembera antchito pa malipiro otsika ndi maola ochuluka kuposa a ku kampani yaikulu. Wantchito wotopa, amene bwana wake sadamuuze chifukwa chimene ndege yachedwera ndipo alibe mphamvu yosintha tikiti ya munthu ngakhale mmodzi, amaima pamaso pa anthu okwiya 70 ali manja lende. Chishango chokha chimene amatsala nacho ndi nkhope youma. Khalidwe la pa kauntala limaphikidwa m'maofesi a kumtunda. Komanso wokwera sakumana ndi kampani ya ndege yokha. Pabwalo la Kamuzu amadutsa m'manja mwa apolisi, a zolowa ndi kutuluka, a MRA, a LIHACO amene amasamala katundu ndi okwera pansi, ndi a Airport Developments Limited amene amayang'anira nyumba za pabwalopo. Kwa munthu wa ku Chinsapo amene akuuluka koyamba onsewa ndi a ndege basi. Nyumba yatsopano imene dziko la Japan lidathandiza kumanga pabwalopo n'kutsegulidwa mu 2019 ndi yokongola, koma chimene mlendoyo adzakumbukira ndi mmene munthu woyamba wa yunifomu adamuyankhira atafunsa njira.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi ichi: ngakhale tikiti itatsika ndi theka, mlonda wa ku Mtandire sangaikwanitse, ndiye tikutayiranji mawu? Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene ndege imalipira pafupifupi chilichonse m'madola, kuyambira lendi ya ndegeyo, zipangizo, inshuwalansi mpaka mafuta amene amabwera kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndikanama ndikanena kuti aliyense adzauluka. Koma tiyang'ane amene amagula matikiti a basi za ku Joni. Nthawi zambiri ndalamayo imachokera kwa mwana amene akulandira marandi, kapena kwa abale asanu amene asonkherana chifukwa pagwa zovuta. Ukawerengera tikiti ya basi, chakudya cha panjira, zolipira za pa zipata zitatu ndi masiku anayi osagwira ntchito popita ndi pobwera, mpata wa pakati pa basi ndi ndege yotsika mtengo umachepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Banja silingakwere ndege chaka chilichonse, koma likhoza kukwanitsa tikiti imodzi pa maliro a mayi, pa ukwati, kapena potumiza wodwala amene sangapirire masiku awiri pampando wa basi. Anthu amenewa amakwera ndege pa tsiku lolemera kwambiri m'moyo wawo, ndi ndalama imene sangaipezenso mawa. Ndiwo amene ayenera kusamalidwa koposa, pakuti ulendo wawo ukalephereka alibe pena pogwira.

Pali mfundo ina imene otsutsa akunena zoona, ndipo imasintha yankho langa. Msika wathu ndi waung'ono. Ndege yotsika mtengo imafuna njira zodzaza anthu tsiku lililonse, ndipo ife tilibe zambiri zotero. Fastjet, imene idayamba ku Tanzania mu 2012, idayesa njira ya Dar es Salaam ndi Lilongwe mu 2015, koma idaisiya chaka chisanathe. Air Malawi, imene idabadwa mu 1964, idafa ndi ngongole ndipo idatsekedwa mu 2013. Malo ake adatengedwa ndi kampani yatsopano, Malawi Airlines ya lero, imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49, imene idayamba kuuluka mu Januwale 2014. Kampani ya ndege zowerengeka pa zala za dzanja limodzi singagawidwe pawiri, n'kukhala ndi mabwana awiri, maofesi awiri ndi utoto uwiri. Ethiopian yomweyo, imene ndi kampani yaikulu kuposa onse mu Africa, idakula popanda kubereka mwana wotsika mtengo. Choncho sindikupempha Malawi Airlines kuti itsanzire Mango. Ndikuipempha chinthu chosavutirapo: mipando imene imauluka yopanda anthu pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kapena popita ku Lusaka, Harare ndi Johannesburg, igulitsidwe pamtengo wotsika kwa amene agula nthawi ikadalipo, popanda chakudya ndi popanda ufulu wosintha tsiku mwaulere, koma m'ndege yomweyo, ndi antchito omwewo ndi moni yemweyo. Mpando umene wanyamuka wopanda munthu ndi ndalama yotayika kosabwerera. Ndipo wa geni akakhala moyandikana ndi mkulu wa boma, zimavuta kuti wantchito akhale ndi nkhope ziwiri.

Nalo boma lili ndi gawo lake, ndipo lisadikire kuti mavuto ayambe. Maiko a mu Africa adagwirizana kale ku Yamoussoukro mu 1999 kuti atsegulirane mlengalenga, ndipo mu Januwale 2018 African Union idakhazikitsa msika umodzi wa zandege. Makampani ngati Jambojet, FlySafair ndi Fastjet ya ku Zimbabwe akhoza kudzafuna kutera kuno, ndipo ndi bwino abwere, chifukwa popanda mpikisano mtengo sutsika. Koma apeze malamulo atalembedwa kale. Ku Ulaya, kuyambira 2005, wokwera amene wakanizidwa mpando umene adalipira, kapena amene ulendo wake wathetsedwa mwadzidzidzi pa zifukwa za kampani, amalandira chipukutamisozi cha pakati pa mayuro 250 ndi 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo, ndipo ndalamayi siyang'ana kuti tikiti idagulidwa motchipa kapena modula. Lamulo limodzi limamanga Ryanair ndi Lufthansa mofanana, ndipo makampani otsika mtengo akupezabe phindu pansi pa lamulo lomwelo. Ziwerengero za ku Ulaya sizingakwanire pa chuma chathu, koma mfundo yake ikukwanira. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tili ndi Competition and Fair Trading Commission, tili ndi bungwe loyang'anira zandege limene lidabwera ndi lamulo la 2017, ndiponso bungwe la Consumers Association of Malawi lakhala likulankhulira ogula kwa zaka zambiri. Amenewa akhale pansi alembe tsamba limodzi lomveka, lonena kuti ndege ikachedwa maola angati wokwera apatsidwe chakudya, ikagona apatsidwe pogona, ulendo ukathetsedwa ndalama ibwezedwe pasanathe masiku angati, chikwama chikasowa munthu apite kwa yani, ndi kuti kampani iliyonse yogulitsa matikiti kuno isungitse chikole chobwezera anthu ngati itagwa monga idagwera Mango. Tsambalo limasuliridwe m'zilankhulo zathu n'kukhomedwa pa khomo lolowera ku Kamuzu, ku Chileka ndi ku Mzuzu, pamodzi ndi nambala yaulere imene mayi wa ku Mtandire angaimbe ali pomwepo pa mzere, tikiti ili m'manja.